Lamulo la majumbo lapambana kukhothi, koma ntchito yatsala kumisika

Zinatenga zaka khumi kuti lamulo loletsa mapepala apulasitiki opyapyala, omwe ambiri amawatchula kuti majumbo, lichoke m'manja mwa makhothi. Boma linakhazikitsa lamuloli mchaka cha 2015, ndipo limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapepala amene kukhuthala kwake sikufika ma micron 60.

Makampani opanga mapepalawa anakatenga chiletso kubwalo la milandu. Mu Julaye 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula mokomera boma, koma ziletso zina zinatsatirabe, kufikira mu Januwale 2025 pamene bwalo la High Court linachotsa chiletso chomwe makampani ena anatenga mchaka cha 2024. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linalengeza kuti liyamba kukwenza ophwanya lamuloli mu Febuluwale 2025.

Pamene milandu inkazengedwa, majumbo sanaleke kuchuluka. Lipoti lomwe linatuluka mchaka cha 2019 mothandizidwa ndi nthambi ya UNDP linati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 mwa magawo 100 alionse ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Jumbo yopyapyala imang'ambika msanga, siigulika kwa okonzanso pulasitiki, ndipo siiola. Imatseka ngalande m'mizinda, madzi amasefukira m'misewu, ndipo zithaphwi zimasanduka moswanirana udzudzu. Mbuzi ndi ng'ombe zikameza majumbo zimatupa mimba n'kufa. M'makomo ambiri anthu amayatsira mbaula majumbo omwewa, n'kumapuma utsi woipa.

Ena amaganiza kuti kuonongeka kwa nyanja zamchere si nkhani ya Malawi popeza dziko lino lili pakati pa maiko ena. Maganizo amenewa ndi olakwika. Jumbo yotayidwa mumtsinje wa Lingadzi imalowa mu Lilongwe, kenako mu Linthipe, n'kukathera m'nyanja ya Malawi ku Salima, komwe asodzi amadalira chambo ndi usipa. Yotayidwa mu Mudi ku Blantyre imatsikira mu Shire, ndipo Shire amathira mu Zambezi, mtsinje womwe umakathera m'nyanja ya mchere ya India. Panjira pulasitiki amanyenyeka kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso timene nsomba zimameza.

Maiko 175 anagwirizana ku Nairobi mu Malichi 2022 kuti pakhale pangano la dziko lonse lothana ndi vutoli, koma zokambirana za ku Busan mu 2024 ndi za ku Geneva mu Ogasiti 2025 zinatha popanda mgwirizano. Izi zikusonyeza kuti dziko lililonse liyenera kudalira malamulo ake. Rwanda analetsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017 ndipo Tanzania mu 2019. Chimene chinathandiza Rwanda ndi chakuti amafufuza katundu pazipata ndipo salekerera wophwanya lamulo.

Apa ndi pamene pagona udindo wa ogwira ntchito m'boma. Bungwe la MEPA palokha silingafike pamsika uliwonse. Makhonsolo ndiwo amapereka ziphaso za malonda ndi kutolera msonkho wa pamsika tsiku ndi tsiku, choncho ndiwo amaona msanga komwe majumbo akuchokera. Ogwira ntchito pazipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe akapanda kukhala tcheru, fakitale yotsekedwa ku Blantyre idzangosiyira msika ozembetsa katundu.

Nkofunikanso kuti chilango chiyambire kwa opanga ndi ogulitsa pikulitsa, osati kwa mayi wogulitsa tomato kapena mnyamata wokazinga chipisi, amene amagwiritsa ntchito jumbo chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Anthu amenewa adzaleka akapeza cholowa m'malo mwake pamtengo womwe angakwanitse. Madengu, mabasiketi a mlaza ndi zikwama zansalu zimapangidwa m'dziko momwe muno, ndipo kuzigula n'kupereka ntchito kwa oluka ndi matelala.

Maofesi a boma angathe kusonyeza chitsanzo poleka kulandira katundu womangidwa m'majumbo oletsedwa pamisonkhano ndi pogula zinthu. Makhothi anamaliza mbali yawo. Ngati majumbo adzapezekabe m'ngalande mvula ikagwa, funso lidzapita kwa amene anapatsidwa ntchito yoonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa.