ZA PAULENDO: Msewu wa ku Nyika Sufuna Phuma

Ife a m'mbali mwa nyanja timadziwa kuti msodzi wanzeru sakankhira bwato m'madzi asanaone kumene mphepo ikuchokera. Mwera ukayamba, amakhala pagombe ngakhale ndiwo zitasowa pakhomo. Nzeru yomweyi tiitenge pamene tikonza ulendo wapagalimoto wopita ndi banja kukagona m'matenti ku Nyika.

Nyika ndi nkhalango yosungirako nyama yoyamba m'dziko muno. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndipo inakulitsidwa mu 1978. Kumeneko ana athu angathe kuona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya msipu poyera. Kulinso njovu, zina mwa izo zochokera kwathu konkuno, pakuti mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Nyika.

Ulendo weniweni umayambira pa Rumphi. Kuchokera pamenepo kudzera pachipata cha Thazima kukafika ku Chelinda, kumene kuli malo omangapo matenti, ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo mbali yaikulu ya msewuwo ndi yadothi. Midzi imathera kunsi. Mukalowa m'nkhalango simupezanso sitolo kapena makaniko pafupi, ndipo foni siigwira paliponse. Choncho tithire mafuta odzadza thanki pa Rumphi, titenge tayala lapadera, jeke, khasu, chingwe cholimba, madzi akumwa ndi chakudya cha masiku awiri owonjezera. Tiuzenso m'bale wina tsiku limene tiyenera kubwerera.

Chimene chimatipusitsa ife ozolowera kutentha ndi nyengo. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Chelinda ili pa mamita oposa 2,000. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu wa ku Nyika umatha kucha utayera ndi chisanu. Malaya amene amatikwanira ku Mangochi kapena ku Nkhotakota sangamuthandize mwana usiku wa kumeneko. Mabulangete, majuzi, zipewa ndi masokosi zisatsale.

Kuzizira kukafika povuta, wina amaganiza zolowetsa mbaula m'tenti. Chonde tisayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Moto ukhale panja, ndipo tiuzime bwinobwino tisanagone, pakuti udzu wouma suchedwa kuyaka.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo vuto ndi mvula. Kumwamba kukhoza kuyera m'mawa, masana n'kugwa chimvula, msewu n'kusanduka matope oterera ofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Nkhungu nayo imatsika mosayembekezereka mpaka woyendetsa osaona kumene msewu ukukhotera. Zikatero tiime pambali, tiyatse nyali, tidikire. Madzi akasefukira pamsewu tisawoloke poyesa mwayi.

Abambo amene muli pachiwongolero, kubwerera m'mbuyo si manyazi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Tinyamuke pa Rumphi m'mamawa kuti tikamange tenti dzuwa likadalipo, ndipo tikafika pa Thazima tifunse alonda a pachipata za mmene msewu uliri kutsogolo. Akatiuza kuti lero sikuyendeka, tiwamvere, tikagone kunsi, tidzayese mawa.