Denga la Faiba Likasweka: Luso Lomwe Lingadyetse Mabanja M'matauni a Migodi

M'chigawo cha Midlands m'dziko la Zimbabwe muli matauni amene anabadwa chifukwa cha chuma cha pansi pa nthaka. Shurugwi inakula chifukwa cha miyala ya chrome, Kwekwe chifukwa cha golide wa ku mgodi wa Globe and Phoenix, Redcliff chifukwa cha fakitale yosungunula zitsulo ya Ziscosteel, pamene Zvishavane inatchuka ndi asibesitosi wa ku mgodi wa Shabanie. M'makomboni a matauni amenewa Chichewa chimamvekabe, pakuti ambiri mwa amuna amene ankatsikira pansi anali ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anafika wapansi, ena pa malole a Ulere, enanso kudzera ku Mthandizi. Ochuluka anatchona, ndipo adzukulu awo ndiwo akusaka chochita m'misewu ya matauniwa lero.

Ntchito zimene zinkadyetsa makolo awo zinachepa. M'chaka cha 2004 boma linalanda ulamuliro wa kampani ya Shabanie Mashaba Mines, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito yokumba inaima. Ng'anjo za Ziscosteel zinazima m'chaka cha 2008. Migodi ya pulatinamu ya Unki pafupi ndi Shurugwi ndi ya Mimosa pafupi ndi Zvishavane imalemba anthu, komabe singathe kulemba aliyense. Achinyamata ambiri amathera m'maenje a golide, pa ntchito yoika moyo pachiswe imene kumeneko amaitcha chikorokoza. Pa malo otere, luso lililonse losafuna mpamba waukulu, nyumba yaikulu kapena magetsi a tsiku lonse ndi loyenera kuliganizira mofatsa. Limodzi mwa maluso otere ndi kukonza zinthu zopangidwa ndi faibagilasi, imene amisiri amangoitcha faiba.

Chiyambi cha faiba pa magalimoto

Faiba ndi ulusi wopyapyala kwambiri wopangidwa kuchokera ku galasi losungunula. Ulusiwo amauyala ngati mkeka n'kuunyowetsa ndi mankhwala onanda ngati uchi otchedwa rezini. Rezini ikauma, ziwirizi zimasanduka chinthu cholimba, chopepuka ndiponso chosachita dzimbiri. Kampani ya Owens-Corning ya ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1938, ndiyo inatchukitsa ulusi umenewu, ndipo mu 1953 galimoto ya Chevrolet Corvette inatuluka ndi thupi lonse la faiba.

Kum'mwera kwa Africa kuno nzeruyi sinachedwe kufika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Bob van Niekerk ndi Willie Meissner anayamba kupanga ku Cape Town galimoto yothamanga ya mipando iwiri yotchedwa GSM Dart, ya thupi la faiba. Ku Britain, galimoto ya MGB, imene inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, inali ndi thupi lachitsulo ndi denga lansalu lopindika, koma wogula ankatha kuwonjezerapo denga lolimba la faiba lochita kuvala ndi kuvula. Magalimoto a mtundu umenewu anali a anthu a ndalama. Wogwira ntchito pansi pa mgodi ankangowaonera patali. Masiku ano atsala ochepa, ndipo amene amawasunga amavutika kupeza denga lina lakale likasweka, choncho amafunafuna mmisiri wodziwa kulikonza.

Mmisiri wa ku Kwekwe kapena ku Zvishavane akhoza kutha chaka osaona denga la MGB. Chimene amaona tsiku ndi tsiku ndi kanopi ya pikapu yong'ambika chifukwa cha misewu yokumbika, thanki ya madzi yodontha, bafa losweka kapena bwato loboka. Komatu zonsezi zimakonzedwa m'njira imodzimodzi, ndipo denga la galimoto yamakedzana ndilo limaphunzitsa bwino koposa, popeza mwiniwake salola chilema ngakhale chaching'ono.

Kuyamba ndi kufufuza matenda

Faiba ikasweka siwotchereredwa ngati chitsulo, ndiponso siwongoledwa ndi nyundo. Ntchito yoyamba ndi kuvula denga zonse zimene zili pamenepo: galasi lakumbuyo, malabala otchinga madzi, nsalu yam'kati ndi zitsulo zokolera. Kenaka mmisiri amalitsuka ndi kuliumitsa padzuwa masiku angapo, chifukwa rezini simamatira pa chinyontho kapena pa mafuta.

Likauma, amaligogoda pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo. Pamene pali bwino pamalira mokweza. Pamene mikeka ya ulusi yalekana m'kati pamalira mogontha, ndipo malo oterowo amawazunguliza ndi choko. Amayang'ananso ming'alu yaing'ono yooneka ngati ukonde wa kangaude pa khungu losalala lakunja lotchedwa gelcoat. Pa madenga akale, vuto lalikulu limabisala pamene opanga anakwirira tizitsulo m'kati mwa faiba kuti pakhale pomangira. Madzi akalowa, chitsulocho chimachita dzimbiri n'kufufuma, ndipo chimang'amba faiba kuchokera m'kati. Kumata kunja osachotsa chitsulo chowolacho n'kutaya nthawi.

Apa ndi pamene amisiri ambiri amalakwa. Amapaka fila pamwamba pa mng'alu, n'kukwecha, n'kupopera penti. Ntchito imaoneka yokongola pa tsiku lolipira, koma galimoto ikangodutsa kangapo m'zitunda za Boterekwa, mng'alu uja umabwerera pamalo pomwepo. Fila alibe ulusi, choncho alibe mphamvu yogwira mbali ziwiri zosweka.

Kamatidwe koyenera

Mng'alu uyenera kukwechedwa mpaka pofika pa faiba yamoyo. Mmisiri amasema m'mphepete mwa bala motsetsereka, mulifupi mwake kuwirikiza ka 12 kuchindikala kwa dengalo. Ngati denga n'lochindikala mamilimita 3, kutsetserekako kufike mamilimita 36 mbali iliyonse. Izi zimapatsa chigamba malo okwanira ogwira. Asanayambe kumata, ndi bwino kuika dengalo pa galimoto yake kapena kulichirikiza ndi matabwa kuti likhale m'maonekedwe ake enieni, chifukwa likaumira mopotoka silidzakhalanso bwino pa mawindo ndipo mvula idzalowa.

Akapukuta ndi acetone, amadula zigamba za mkeka wa ulusi zosiyana kukula kuti zidzaze malo osemedwawo mosanjikizana. Mkeka wofala m'masitolo ndi wolemera magalamu 300 kapena 450 pa sikweya mita imodzi, ndipo wa 450 umamwa pafupifupi kilogalamu imodzi ya rezini pa sikweya mitayo. Rezini yochuluka kuposa apo siwonjezera mphamvu ayi. Imangolemeretsa chigamba ndi kuchisandutsa chosweka msanga, popeza mphamvu ili mu ulusi.

Rezini ya polyester siuma yokha. Imafuna mankhwala oumitsa otchedwa MEKP, mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi. Pano nyengo ya Midlands ili ndi mawu ake. Dera la Gweru lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, ndipo m'mawa wa June ndi July kumazizira mpaka kugwa chisanu. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 15, rezini imakana kuuma bwino, choncho nthawi yachisanu ntchito iyambe dzuwa litakwera. Mu October zinthu zimatembenuka: rezini imene imapatsa mmisiri mphindi 15 kapena 20 ikhoza kuumira m'chitini asanathe kupaka. Nzeru yake n'kusakaniza pang'onopang'ono, kugwirira ntchito pamthunzi, ndi kuyeza mankhwala oumitsa ndi jekeseni wopanda singano m'malo mongoyerekeza ndi maso.

Popaka, bulashi sakokedwa ngati popenta khoma. Amachita kudinda nayo kuti rezini ilowe mu ulusi mpaka kuyera kwa mkeka kuzimirire, kenaka n'kutulutsa mpweya wonse wotsekeredwa, pakuti thovu lililonse ndi malo ofooka. Bala lalikulu limamatidwa mbali zonse ziwiri, kuyambira m'kati. Chigamba chikalimba amachikwecha ndi sandipepala wokhakhala, kenaka wosalala, ndipo ndi pamenepa pamene fila wochepa amaloledwa, wongosalaza basi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: rezini imapitiriza kukhwima ndi kufota kwa masiku angapo, ndipo amene athamangira kupopera penti amadzaona chithunzi cha chigamba chikutulukira pansi pa pentiyo.

Mapapo ndi maso

Anthu a m'matauni a migodi safunika kuuzidwa kuti fumbi limapha. Mabanja ambiri anasamalirapo nkhalamba zotsokomola zimene zinasiya mphamvu zawo pansi pa nthaka. Nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika mitundu yonse ya asibesitosi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ulusi wa galasi wolimbitsira rezini suli m'gulu limenelo, komabe fumbi lake limayabwa khungu ndi kuvutitsa maso ndi pakhosi. Fungo lamphamvu la rezini limachokera ku mankhwala otchedwa styrene, amene mu 2018 bungwe lomwelo linawaika m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Kansalu komanga pamphuno sikatsekereza fungo limeneli. Pamafunika chotchinga mphuno chokhala ndi zosefera, ndiponso malo opita mphepo.

Mankhwala oumitsa aja ndi oopsa koposa. Dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu, choncho magalasi otchinga maso ndi ndowa ya madzi oyera zisasowe pafupi. Rezini yotsala m'chitini imatentha pamene ikuuma ndipo ikhoza kuyambitsa moto ikatayidwa pa nsanza kapena pa utuchi. Ana asasewere pamalopo, ndipo mankhwala asasungidwe m'mabotolo a zakumwa. Wogwira magalimoto akale akumbukirenso kuti mabuleki a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi asibesitosi, choncho fumbi lake lisauziridwe ndi mpweya.

Mpamba ndi msika

Ubwino wa ntchitoyi ndi wakuti mbali yaikulu imagwirika ndi manja. Gilayinda imafulumizitsa, koma magetsi akazima sandipepala ndi kathabwa zimapitiriza ntchito. Vuto lili pa kagulidwe ka zipangizo. Rezini imatsika mtengo ikagulidwa yambiri, koma ikakhala miyezi yoposa isanu ndi umodzi, makamaka pamalo otentha, imayamba kulimba yokha. Mmisiri mmodzi sangamalize mgolo wonse nthawi isanathe. Mutu umodzi susenza denga: amisiri anayi kapena asanu akasonkherana n'kugula pamodzi ku Harare kapena ku Bulawayo, aliyense amapeza rezini yatsopano pa mtengo wotsika, ndipo ndalama ya ulendo amagawana.

Masukulu a ntchito zamanja monga Kwekwe Polytechnic ndi Gweru Polytechnic, ngakhalenso bungwe la TEVETA ku Malawi kumene mabwato a faiba amayenda pa nyanja, angathandize kwambiri popereka maphunziro aafupi a luso limeneli kwa achinyamata amene sangakwanitse maphunziro a zaka zitatu. Mabungwe a maliro ndi mipingo, zimene zakhala zikugwirizanitsa a Malawi ndi ana awo m'makomboni kwa zaka zambiri, zingathe kubwereketsa mpamba woyambira.

M'tauni yaing'ono mbiri ya mmisiri imayenda msanga kuposa chikwangwani. Kanopi imene yapirira dzinja lathunthu osadontha imaitana makasitomala ena, ndipo mwini galimoto yamakedzana, amene amafunsa kaye kwa anzake asanapereke denga lake kwa munthu, amakafika kwa mmisiri amene ntchito yake inaonedwa kale pa mapikapu a m'deralo.