Chijeremani Chingayambire ku Misisi

Achinyamata a ku Misisi amene mumalakalaka kukaphunzira unamwino kapena ntchito zamanja ku Germany, dziwani kuti ulendowo umayamba ndi chilankhulo. Chijeremani chili ndi magawo kuyambira A1 mpaka C2, ndipo sukulu zambiri za unamwino kumeneko zimafuna B1 kapena B2. Musachite mantha. Mwana wa muno amasintha Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi asanatsike m'minibasi ya pa Kafue Road, ndiye lilime linapsa kale. Chijeremani chimawerengedwa pafupifupi monga chalembedwera, ngati Chinyanja chathu. Povuta ndi pa mayina: lililonse limayenda ndi der, die kapena das, choncho lowezani dzina pamodzi ndi mnzakeyo tsiku lomwelo. Wailesi ya Deutsche Welle ili ndi maphunziro aulere a Nicos Weg pa intaneti. Chofunika ndi bandulo basi. Magetsi akabwera tchajani foni, mupeze anzanu awiri, muzifunsana mokweza madzulo aliwonse. Makolo, musapereke ndalama kwa wolonjeza viza mwana asanakhoze mayeso ovomerezeka. Gulirani mwanayo kope ndi bandulo ayambe lero.

— Mlembi wa za Achinyamata, Lusaka