PAKHOMO PATHU: Zidutswa za matabwa si nkhuni zokha

Kuseri kwa shedi ya kalipentala aliyense kumakhala mulu wa zidutswa zimene zimathera pamoto. Zidutswa zomwezo zikhoza kukongoletsa bwalo lanu. Pezani timatabwa 8 totalika mofanana, khomani mafelemu awiri a mbali zinayi, imodzi muipendeketse pamwamba pa inzake, basi mwapanga nyenyezi ya nsonga 8 yopachika pampanda.

Kukhoma sikuvuta, ngakhale mwana wa Sitandade 6 akhoza. Nkhani yagona pakuti chinthucho chione dzinja lachiwiri. Adani ake ndi madzi ndi chiswe. Thabwa limamwa madzi kwambiri kumapeto kumene sowo inadutsa, choncho pakani penti kapena vanishi kawiri pamenepo musanakhome, chifukwa mukakhoma bulashi sifikapo. Ndipo chisagunde dothi. Chiswe chimachokera pansi, chimamanga timisewu tadothi n'kudya thabwa m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Chipachikeni ndi waya, kapena chikhazikeni pa njerwa pomwe mungamaone kunsi kwake.

Paini ndi wofewa, misomali imalowa bwino, koma panja sachedwa kuola. Mukapeza zidutswa za mlombwa muli ndi mwayi, chifukwa chiswe sichiukonda. Mkungudza wa ku Mulanje ndiye musaufune n'komwe: unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo wogula ndiye amatuma wodula.

Chenjerani ndi matabwa ongotola. Mapaleti obwera ndi katundu wakunja amakhala ndi chidindo m'mbali. Zilembo HT zikutanthauza kuti thabwalo analitenthetsa mpaka madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, ndipo n'labwino. MB ndi mankhwala a methyl bromide, amenewo asiyeni. Thabwa lobiriwira ngati mapolo ena a mpanda nthawi zambiri limakhala lonyikidwa m'mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic. Zotsala zake zisapite kukhitchini, pakuti utsi wake ngakhale phulusa lake n'zoopsa. Nazonso zitseko zakale zopenta musapatse ana kuti akwecheko ndi sandipepala: penti wakale amatha kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa mwana.

Ambiri amakonda kupaka oilo wakuda wa galimoto. Chiswe chimathawadi, koma oiloyo amada zovala za ana ndiponso amatsikira m'nthaka, mwina pafupi ndi bedi la mpiru. Penti wa mafuta wotsala m'chitini ndi wokwanira, bola muzibwereza chaka chilichonse mu Okutobala, thabwa lili louma, mvula isanayambe.