Maidstone United: Kutchuka m'chikho sikukweza timu m'ligi

Pa 27 Januwale 2024, timu ya Maidstone United ya m'chigawo cha Kent ku England idachita zomwe ambiri ankaziyesa maloto. Timuyi, yomwe imasewera m'ligi yachisanu ndi chimodzi kuchokera pamwamba, idapita kubwalo la Portman Road n'kugonjetsa Ipswich Town ndi zigoli 2 kwa 1 m'chikho cha FA Cup. Ipswich idamenya mipira 38 pofuna kugoletsa, pomwe Maidstone idamenya iwiri yokha, ndipo iwiriyo idagwedeza ukonde kudzera mwa Lamar Reynolds ndi Sam Corne. Patangopita miyezi yochepa Ipswich idalowa mu Premier League, koma Maidstone pofika nyengo ya 2025/26 idali ikadali mu National League South momwe idali tsiku lija.

M'mwezi wa Meyi 2025, timuyi idagonja ndi chigoli chimodzi kwa duu pamaso pa Boreham Wood m'masewero otsiriza a chipulula cholimbirana malo okwera ligi. Aka kadali kachiwiri motsatizana kuti ifike pakhomo koma n'kubwerera. Funso lomwe ochemerera timuyi akudzifunsa tsopano n'lakuti: kodi timu yomwe imaoneka yoopsa chotere pamasewero a tsiku limodzi ikulepheranji kudzikoka m'ligi yaing'onoyi?

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kudziwa momwe mpira wa ku England udasanjidwira. Pamwamba pali maligi anayi a matimu 92, omwe ndi Premier League, Championship, League One ndi League Two. Pansi pake pali National League, kenako National League North ndi National League South. Matimu a m'maligi apansiwa ndiwo amatchedwa a kunja kwa ligi, ndipo ambiri mwa osewera ake amakhala ndi ntchito zina zowapezetsa chakudya. Mu National League South mumasewera matimu 24, koma amakwera ndi awiri okha. Timu yomwe yatsiriza pamwamba imakwera mwachindunji, pomwe matimu a pa nambala 2 mpaka 7 amalimbirana malo amodzi otsalawo m'chipulula.

Momwe timuyi yakhala ikuchitira

Zaka za pakati pa 2021 ndi 2025 zikusonyeza timu yokwera ndi kutsika. M'nyengo ya 2021/22, pansi pa mphunzitsi Hakan Hayrettin, Maidstone idatenga ukatswiri wa National League South n'kukwera. Chaka chotsatira idakumana ndi matimu a ndalama monga Wrexham ndi Notts County, ndipo idatsiriza kunsonga kwenikweni kwa ligi itatha miyezi ingapo osapambana ngakhale kamodzi. Hayrettin adachotsedwa ntchito m'Januwale 2023, ndipo udindo udaperekedwa kwa George Elokobi, mbadwa ya ku Cameroon yemwe adasewerapo mu Premier League ndi timu ya Wolverhampton Wanderers.

M'nyengo ya 2023/24 timuyi idatsiriza pa nambala 4 ndipo idatulutsidwa ndi Worthing m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza ya chipulula. M'nyengo ya 2024/25 idatsikira pa nambala 7, malo otsiriza olowera m'chipulula. Komabe idakapambana kwa eni bwalo ku Worthing ndi ku Eastbourne Borough, matimu omwe adali pamwamba pake, isanakagwe kwa Boreham Wood.

Apa ndi pomwe pali phata la nkhaniyi. Timu ya Elokobi imadziwa kutseka kumbuyo, kupirira pomwe mdani akuithira moto, ndi kugwiritsa ntchito mpata umodzi kapena iwiri yomwe yapezeka. Kaseweredwe kotere kamathandiza m'chikho, momwe timu yaing'ono siyembekezeredwa kukhala ndi mpira nthawi yaitali. Koma m'ligi zinthu zimatembenuka. Matimu ambiri akabwera ku Gallagher Stadium ndiwo amatseka kumbuyo, ndipo Maidstone ndiyo imayenera kuthyola khomalo. Ligi ya masewero 46 imatengedwa ndi timu yomwe imakolola mapointi atatu kwa matimu apansi sabata ndi sabata, ngakhale usiku wa Lachiwiri m'nyengo yozizira pomwe kulibe makamera a wailesi ya kanema. Tsiku lotsiriza la nyengo ya 2024/25 lidafika matimu asanu ndi limodzi akadali ndi mwayi wotenga ligi, yomwe idapita kwa Truro City, koma Maidstone sidali m'gulu limenelo.

Kudzipereka kwa osewera

Palibe angakayike mtima wa anyamata omwe adayenda ulendo wa FA Cup uja. Adayambira m'ndime zachipulula, pomwe ngakhale atolankhani safikako, n'kugonjetsa matimu monga Torquay United, asanagonjetse Chesham United m'ndime yoyamba ya chikhochi. Kenako adatulutsa Barrow ya mu League Two, Stevenage ya mu League One ndi Ipswich ya mu Championship. Adakhala timu yoyamba ya pamlingo wawo kufika m'ndime ya matimu 16 kuchokera pomwe Blyth Spartans idatero m'chaka cha 1978. Ulendowu udathera ku Coventry City pa 26 Febuluwale 2024 pomwe adakwapulidwa 5 kwa 0, Ellis Simms atamwetsa zigoli zitatu.

Koma kudzipereka pabwalo ndi kukhalitsa patimu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Osewera a m'maligi awa ambiri amasaina mgwirizano wa chaka chimodzi. Yemwe wawala amadziwa kuti nthawi yake ya mpira ndi yochepa, ndipo timu yapamwamba ikagogoda sangaikanize. Levi Amantchi, yemwe ankamwetsa zigoli zambiri kumayambiriro kwa nyengo ya 2023/24, adapita ku Bromley nyengoyo ili mkati. Goloboyi wa ku Brazil, Lucas Covolan, yemwe adatchinga mipira yoopsa ku Ipswich, adachoka nyengoyo itatha. Sichingakhale chilungamo kuwatcha osakhulupirika anthu omwe akusaka tsogolo la mabanja awo. Vuto n'lakuti mphunzitsi amakakamizika kumanganso timu chaka ndi chaka, ndipo miyezi yoyambirira ya ligi imathera pozolowerana pomwe anzawo akututa mapointi.

Mwayi womwe timuyi idali nawo pofika chaka cha 2025 udali Elokobi mwiniwake. Iye adayambira mpira wake ku England m'timu yaing'ono ya Dulwich Hamlet asanakwere mpaka ku Premier League, ndipo adatsirizira ku Maidstone komweko monga wosewera m'chaka cha 2022. Akamauza mnyamata kuti njira yopita pamwamba ilipo, amanena zomwe adaziona ndi maso ake. Komatu uthenga womwewo ndiwo umakumbutsa osewera kuti Maidstone ndi pongodutsira.

Mbiri yomwe imachititsa eni timu kusamala

Ochemerera ena angafunse chifukwa chomwe ndalama za m'chikho sizidagwiritsidwe ntchito kugula osewera odula. Kupambana m'ndime yachitatu kudabweretsa mapaundi 105,000 ndipo m'ndime yachinayi mapaundi 120,000, kuwonjezera pa ndalama za pakhomo ndi za wailesi ya kanema. Yankho lili m'mbiri ya timuyi. Maidstone United yoyamba, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1897, idagulitsa bwalo lake la London Road m'chaka cha 1988 n'kumakasewerera ku Dartford. Idalowa m'ligi yaikulu m'chaka cha 1989, koma pofika Ogasiti 1992 idali itatitimira m'ngongole ndipo idatha. Timu ya lero idayambiranso pansi penipeni m'ligi ya m'chigawo cha Kent, ndipo kwa zaka zambiri inkabwereka mabwalo m'matauni ena kufikira Gallagher Stadium idatsegulidwa m'chaka cha 2012. Walumidwapo ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe, choncho eni ake a timuyi, Oliver Ash ndi Terry Casey, ali ndi chifukwa chomveka chosafunira kuika timu pachiswe pofuna kukwera msanga.

Bwalo latsopanoli lili ndi kapinga wochita kupanga, ndipo Maidstone idali timu yoyamba ku England kumanga bwalo lokhala ndi kapinga wamtunduwu kuchokera pachiyambi. Kapingayu saonongeka ndi mvula, motero bwalo limagwira ntchito sabata yonse: ana a sukulu ya mpira amaphunzirapo, matimu a m'deralo amalipira kuti aseweretsepo, ndipo timu imapeza ndalama ngakhale tsiku lopanda masewero. Kukwera katatu pakati pa 2013 ndi 2016 kudatsamira pa maziko amenewa. Koma malamulo a League Two salola kapinga wotere. Harrogate Town m'chaka cha 2020, Sutton United mu 2021 ndi Bromley mu 2024 adakakamizika kuzula kapinga wawo atakwera. Izi zikutanthauza kuti chinthu chomwe chikudyetsa Maidstone lero ndicho idzayenera kutaya tsiku lomwe maloto ake akulu adzakwaniritsidwe.

Tsogolo lake

Njira ikunka ikuchepa. Kuyambira nyengo ya 2024/25, bungwe la FA lidathetsa masewero obwereza kuchokera m'ndime yoyamba ya chikhochi, zomwe zidatseka gwero lina la ndalama kwa matimu aang'ono. Tamworth idaona kuwawa kwa lamuloli m'Januwale 2025 pomwe idafanana mphamvu ndi Tottenham Hotspur kwa mphindi 90, koma m'malo mokabwereza masewero ku London idagonja m'nthawi yowonjezera. Kutsogolo nako khomo ndi lopapatiza, poti kuchokera mu National League kupita mu League Two amakwera matimu awiri okha, ndipo matimu a ligiyi akhala akupempha kuti malowo akhale atatu. Mu National League South momwemo mpikisano ukukula, chifukwa Dagenham & Redbridge, Ebbsfleet United ndi Maidenhead United adatsikiramo m'chaka cha 2025, pomwe Torquay United ndi Worthing adali momwemo m'nyengo ya 2025/26.

Zomwe Maidstone ikusowa si mtima kapena ochemerera, pakuti anthu oposa 4,000 adayenda nayo ulendo wa ku Ipswich. Ikusowa gulu la osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe angakhale pamodzi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, komanso womwetsa zigoli yemwe sangagulitsidwe ligi ili mkati. Zimenezi zimafuna migwirizano yotalikirapo, ndipo migwirizano yotere ndi ngongole yomwe timu imasenza ngakhale zinthu zitavuta pabwalo. Eni timu akuyenera kusankha mlingo wa chiopsezo womwe angaupirire popanda kubwereza za 1992.

Akapanda kutero, timuyi ipitiriza kudalira chipulula, momwe chigoli chimodzi chimafafaniza ntchito ya miyezi isanu ndi inayi monga zidachitikira ku Boreham Wood. Njira yokhayo yosadalira mwayi ndi yomwe timuyi idayenda m'chaka cha 2022, yotsiriza pa nambala 1, ndipo ntchito imeneyo imayamba ndi masewero a mwezi wa Ogasiti.