Mwadzuka n'kuyenda pambuyo pa ngozi ya pamsewu? Musathamangire kunyumba

Ngozi ikachitika pamsewu, maso a anthu amathamangira kwa amene akukuwa kapena akutaya magazi. Amene wadzuka yekha n'kusasa fumbi amauzidwa kuti wapulumuka. Nthawi zambiri woyendetsa galimoto kapena wa kabaza amamupatsa kangachepe kogulira Panado, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ena mwa anthu amene amafika kuchipatala zinthu zitavuta kale ndi omwewa amene anadzuka okha.

Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zoterezi n'zochuluka ku Africa kuposa chigawo china chilichonse. Kuno kwathu, njinga zamoto za kabaza zawanda m'tauni ndi kumudzi komwe, kuwonjezera pa minibasi ndi matola. Choncho n'kofunika kudziwa kuvulala kumene kumabisala.

Chifukwa chiyani simumva ululu nthawi yomweyo?

Munthu akachita mantha aakulu, thupi limatulutsa michere monga adrenaline imene imathamangitsa mtima ndi kuphimba ululu kwa kanthawi. Mungathe kuyenda ndi nthiti yothyoka osadziwa. Komanso magazi akamatayikira m'kati mwa thupi, amatenga nthawi kuti achuluke mpaka muyambe kuona zizindikiro. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mutu

Ubongo uli m'chigaza cholimba chimene sichifutukuka. Mtsempha ukang'ambika m'menemo, magazi amasonkhana n'kuyamba kupanikiza ubongo. Munthu angathe kukomoka pang'ono, kutsitsimuka, kucheza bwinobwino, kenako pakapita maola angapo n'kuyamba kusinza mpaka osadzukanso.

Pitani kuchipatala msanga ngati munakomoka ngakhale kwa kamphindi, simukukumbukira mmene ngozi inachitikira, mwasanza, mutu ukupwetekerapwetekera, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi toyera. Achibale nawo akhale tcheru. Wovulala akamayankhula zosokonekera, akamavuta kudzutsa, akamagwa ngati wakhunyu, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka, musadikire kuti kuche.

Amene wamenyetsa mutu asagone yekha m'nyumba kwa maola 24 oyambirira, asamwe mowa, ndipo asayendetse galimoto kapena njinga. Asamwe Aspirin kapena Brufen asanaonedwe ndi achipatala, chifukwa mankhwalawa angawonjezere kutaya magazi.

Mimba ndi chifuwa

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana malita pafupifupi 5, ndipo angataye ochuluka m'mimba popanda dontho limodzi kuonekera kunja. Ziwalo zimene zimang'ambika kawirikawiri ndi chiwindi ndi kapamba. Kapamba ali kumanzere, kunsi kwa nthiti. Kwa anthu amene adwalapo malungo mobwerezabwereza, monga zilili ndi Amalawi ambiri, kapamba amatha kukhala wotupa kale, ndipo wotupayo sachedwa kuphulika ngakhale kugundidwako kutakhala kochepa.

Zizindikiro zake ndi kupweteka kapena kuuma kwa mimba, chizungulire mukaimirira, thukuta lozizira, ludzu lalikulu, kugunda kwa mtima mothamanga, ndi kuyera kwa m'maso ndi m'manja. Phewa lakumanzere likamapweteka pamene simunaligunditse, likhoza kukhala kapamba amene akutaya magazi. Mkodzo wamagazi umasonyeza kuti impso kapena chikhodzodzo chavulala. Lamba wa m'galimoto amapulumutsa moyo, koma akasiya mzere wa mikwingwirima pamimba, kaonetseni kuchipatala chifukwa matumbo angathe kuvulala ululu n'kudzayamba mawa lake.

Nthiti yothyoka ingathe kubaya mapapo. Kubanika, kupuma mofulumira, kumva kubaya mukamakoka mpweya kapena kutsokomola magazi ndi zizindikiro zofunika thandizo nthawi yomweyo.

Khosi ndi msana

Galimoto ikagundidwa kumbuyo kapena ikaima mwadzidzidzi, mutu umaponyedwa kutsogolo ndi kumbuyo, minofu ya khosi n'kukokeka. Khosi limayamba kuuma madzulo kapena m'mawa mwake, ndipo kwa ambiri limachira pakapita masabata angapo.

Choopsa ndi pamene fupa la khosi kapena la msana lathyoka. Mukamva ululu pakati penipeni pa khosi kapena msana, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, kufooka, kapena mukalephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, musadzukenso ndipo musalole kuti wina akuwongoleni. Fupa lothyoka likasuntha lingathe kuwononga mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kupuwala kotere nthawi zambiri sikubwerera.

Mafupa ndi zilonda

Okwera kabaza ndi oyenda pansi amathyoka kwambiri miyendo. Fupa la ntchafu likathyoka, magazi opitirira lita imodzi angathe kutayikira m'ntchafu momwemo. Kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno kungatayitse ochuluka kuposa pamenepo.

Ngati pamene pathyokapo pali bala, majeremusi ali ndi khomo lolowera m'fupa. Bala lotere limafunika kutsukidwa kuchipatala ndi kuyamba mankhwala opha majeremusi mwamsanga, pamodzi ndi katemera wa kafumbata. Musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala azitsamba. Fupa likalowa mafinya limavuta kuchiza ndipo ena amadulidwa mwendo.

Ngakhale mutaikidwa chikhakha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati ululu ukukulirakulira, zala zatupa, zazizira kapena zachita dzanzi. Kutupa kungatseke njira ya magazi, minofu n'kufa m'maola ochepa.

Amene sayenera kudikira zizindikiro

Mayi woyembekezera akachita ngozi apite kuchipatala ngakhale akumva bwino, chifukwa nsengwa ingathe kumatuka m'chiberekero. Kutaya magazi, kupweteka kwa m'mimba ndi kusiya kugunda kwa mwana ndi zizindikiro zoopsa.

Mwana wamng'ono sangafotokoze pamene pakupweteka, ndipo nthiti zake n'zofewa moti mapapo angavulale popanda fupa kuthyoka. Akakana kuyamwa, akamalira mosatonthola kapena akamangogona, thamangani naye.

Okalamba, omwa mowa kwambiri ndi amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi angathe kutaya magazi m'mutu pang'onopang'ono, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masabata. Agogo akayamba kuiwalaiwala kapena kudzandira mwezi umodzi chichitikireni ngozi, musangoti ndi ukalamba. Kawauzeni achipatala za ngoziyo.

Chimodzimodzinso aliyense amene anaponyedwa kunja kwa galimoto, amene galimoto yake inagubuduzika, kapena amene anali m'galimoto imene wina wafera pomwepo. Mphamvu imene inapha mnzanuyo inadutsanso m'thupi mwanu.

Chimene chimachedwetsa anthu

Ambiri sachedwa chifukwa cha umbuli. Wina alibe ndalama yoyendera. Wina akuopa mzere wautali. Wa kabaza amene alibe chiphaso amaopa kuti nkhani ikafika kuchipatala ifikanso kupolisi, choncho amakakamira zokambirana pamsewu pomwepo. Koma ndalama imene mungalandire pamenepo ndi ya bala looneka. Za m'kati palibe amene akuzidziwa.

Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa za mafupa, ndipo zikavuta zimatumiza odwala ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ulendo wotumizidwawo umadya nthawi, n'chifukwa chake kufika msanga ku chipatala choyamba kuli kofunika. Lipoti la apolisi mudzalifuna pokatenga chipukutamisozi ku inshuwalansi, koma yambani ndi thupi lanu. Zimene alembe m'buku lanu la kuchipatala pa tsiku la ngozi zidzakhalanso umboni wanu.

Mukakhala woyamba kufika pa ngozi

Chenjezani magalimoto ena kuti pasachitike ngozi yachiwiri. Pamene pakutuluka magazi, panikizani mwamphamvu ndi chitenje kapena nsalu yoyera, osachotsachotsa kuti muone. Musamupatse wovulala madzi kapena chakudya, chifukwa angatsamwe kapena angafunike opaleshoni. Musamuvule chipewa cha njinga pokhapokha ngati akulephera kupuma. Musamunyamule wina manja wina miyendo. Mugonekeni pa thabwa kapena chitseko, munthu mmodzi atagwira mutu kuti ukhale mowongoka ndi thupi. Akamasanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi kuti agone chammbali.

Mabala akapola, ena amatsala ndi maloto oipa, kusowa tulo ndi mantha okwera galimoto. Zikapitirira mwezi umodzi, kauzeni achipatala. Kumenekonso ndi kuvulala, ndipo kuli ndi chithandizo chake.

Ngati mwaonedwa n'kuuzidwa kuti mubwerere kunyumba, funsani zizindikiro zimene muyenera kuyang'anira, ndipo muuze amene mukukhala naye. Chimodzi chikaoneka, bwererani ngakhale pakati pa usiku.