Mwana akafuna kosi ya secretarial, musamuseke



Nkhani yanga ni ya mwana wanu uja anatsiriza Grade 12, manje amakuthandizani kupima kapenta na kuunjika tomato. Akanena kuti afuna kuphunzira secretarial, ambiri mumayankha kuti, "Ya kutaipa? Inatha kale iyo, aliyense ali na foni." Ine nikukana.

Gulu lanu la chilimba likafuna kupempha ndalama za CDF, amakufunsani chani? Satifiketi ya gulu, malamulo a gulu, maminitsi a misonkhano, akaunti ya ku banki. Kulembetsa bizinesi ku PACRA, kutenga TPIN ku ZRA, zambiri manje zili pa kompyuta. Amakulemberani ndani? Mumathamangira ku internet cafe, kulipira peji iliyonse, ndipo pepala likalakwika mumabwezedwa. Izi ndizo amaphunzira pa kosi iyi: kutaipa, Word na Excel, kusunga mafaelo, kulemba makalata na maminitsi. Masukulu, makiliniki, maloya na matchalitchi amafuna munthu wotere. Olo nchito ya mu ofesi ichedwe, msika wanu womwewu ukumufuna.

Koma ndalama ya tomato ni yowawa, musaitaye. Si koleji iliyonse ili na chikwangwani pa mseu yomwe ili yoona. Mukalibe kulipira, funsani pepala loonetsa kuti analembetsa ku TEVETA. Lowani mu kalasi, muwerenge makompyuta amene akuyaka, muwerengenso ana. Malaiti akapita, ali na sola kapena jenereta? Amawapezera attachment? Yerekezani na makoleji a boma monga Lusaka Business and Technical College na Evelyn Hone. Mwana wophunzira kompyuta pa bolodi chabe, satifiketi yake ni yokulungira vitumbuwa.

Nanga fizi? Mu 2022 CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni. Mbali ina ni ya mabasare a achinyamata ophunzira maluso. Iyi si mphatso ya chipani chilichonse, kaili ni misonkho yanu. Imwe amene mumalipira levy pa msika, mwana wanu ali na ufulu wopempha. Mafomu amapita ku Ward Development Committee, pamodzi na NRC na kalata yomulandira ku koleji.

Ndiye musakhale chete. Funsani khansala wanu tsiku lotsekera mafomu. Muuzeni kuti maina a osankhidwa amatidwe poyera, pa msika pomwe, kuti tonse tione ngati ana a ogulitsa alipo. Mwana akakanidwa, akupatseni chifukwa cholembedwa.

Mawa mukamayala katundu, muuzenkoni mnzanu wa tebulo la pafupi. Ngati mwana wanu anapemphapo basare, tiuzeni pansipa mwamene zinayendera.